Pa laputopu inkayenda, pa foni n'kukana: mmene HTTPS inandichititsira manyazi

Tsikulo kunali kamvula kowaza kamene a ku Mzuzu timakadziwa, kosamveka padenga koma konyowetsa munthu mpaka mkati. Ndinatsika pa kabaza pafupi ndi ofesi ya kagulu kena ka alimi a khofi, laputopu nditaikulunga m'majumbo awiri, mtima uli m'malo. Ndinali nditatha milungu itatu kunyumba ku Chibavi ndikulemba pulogalamu yawo, ndipo usiku wathawo ndinaiyesa mpaka tulo tinandigwira pampando. Panalibe chimene chinkakana.

Ntchito yake inali iyi. Alangizi akapita kuminda ya kumapiri, ku Misuku kapena ku Phoka, atsegule tsamba pa foni, alembe dzina la mlimi, adine batani lotenga malo enieni a munda, ajambule chithunzi, ndipo zonsezi zitheke ngakhale kumene netiweki kulibe. Akatsikira kumene ikugwira, zolembazo zizipita zokha ku seva. Nkhani ya malo a munda sinali yongokometsera ayi. Mu 2023 mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo loti khofi ndi mbewu zina zolowa kwawo zizidziwika munda umene zachokera, pofuna kuona kuti sanagwetsere nkhalango, ndiye aliyense wogulitsa khofi kunja anayamba kufuna manambala a malo a minda ya alimi ake.

Mu ofesimo munali amayi oyang'anira kaguluko, alangizi atatu, ndi bambo wina wachikulire amene wakhala akuyendera alimi kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinayatsa hotspot pa foni yanga, laputopu inalandira adiresi ya 192.168.43.57, ndipo ndinapempha amayiwo kuti alumikize foni yawo n'kulemba adiresiyo mu Chrome, kumapeto kwake aike :8000. Tsamba linatseguka bwinobwino. Anadina batani la malo. Zii. Anadinanso. Zii. Anayesa la kamera, panangooneka bokosi lakuda.

"Achimwene, kodi ndi foni yangayi?" anafunsa.

Tinayesa ya mlangizi wina, yomwe inali Tecno yatsopano, zomwezo. Ine thukuta kamukamu, kunja kukuzizira. Bambo achikulire aja anasuzumira pawindo n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Mwina ndi mitamboyi, mwana wanga. Zinthu za m'mwambazi kukachita chonchi zimavuta." Ndinagwirira pomwepo ngati munthu womira wapeza chitsa. Ndinati eya, n'kutheka ndi mitambo, tidzayesenso sabata yamawa. Mumtima ndinkadziwa kuti ndikunama, chifukwa kamera ya foni ilibe nazo ntchito za mitambo.

Nditafika kunyumba ndinachita chimene ndinayenera kuchita milungu itatu yapitayo. Ndinalumikiza foni ku laputopu ndi chingwe cha USB, ndinayatsa USB debugging, n'kutsegula chrome://inspect pa laputopu kuti ndione zimene browser ya pa foni ikudandaula. Uthenga unali poyera: "Only secure origins are allowed". Nditafufuza navigator.mediaDevices, chinthu chimene kamera imadzera, kunalibiretu. Chimodzimodzi navigator.serviceWorker, amene ndiye msana wa pulogalamu yogwira ntchito popanda netiweki. Browser inali itabisa zonse zitatu.

Chifukwa chake n'chakale ndithu, kungoti ine ndinali ndisanagundikepo. Kuyambira Chrome 47, chakumapeto kwa 2015, tsamba losadzera pa HTTPS, njira yotetezeka yotumizira masamba pa intaneti, sililoledwa kutsegula kamera kapena maikolofoni. Kuyambira Chrome 50, mu 2016, sililoledwanso kufunsa pamene munthu ali. Service worker ndiye chiyambire sanalolepo HTTP wamba. Nanga bwanji pa laputopu panga zinkayenda? Chifukwa browser imapatula localhost ndi 127.0.0.1, dzina ndi adiresi zimene kompyuta imadziitanira yokha. Uthenga wopita ku localhost sutuluka m'kompyuta, palibe waya kapena mphepo imene ukudutsamo yoti wina n'kuutchera khutu, ndiye browser imauona ngati wotetezeka ngakhale palibe loko, chizindikiro cha tsamba la HTTPS. Koma 192.168.43.57 ndi makina ena, uthenga ukudutsa mumlengalenga, ndipo aliyense amene ali pa Wi-Fi yomweyo akhoza kuuwerenga kapena kuusintha. Kwa milungu itatu ndinkayesera pulogalamu pamalo amodzi okha padziko lapansi amene lamulo limeneli siligwira.

Usiku womwewo ndinathamangira njira imene aliyense amayamba nayo. Ndinapeza lamulo lalitali lolemba pa kompyuta la kachida kotchedwa openssl, ndinalikopa osalimvetsa, linanditulutsira satifiketi ndi kiyi wake, zimene seva imafuna kuti ilankhule pa HTTPS. Chrome inandilandira ndi tsamba lija la chenjezo, "Your connection is not private", pansi pake NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID. Ndinadina Advanced, n'kupitirira mokakamiza. Malo anagwira, ndinasangalala. Koma service worker anakana kulembetsa, akuti panali vuto la satifiketi potenga fayilo yake. Ndiye kuti kudumpha chenjezo kumakulowetsa m'nyumba, koma zipinda zina zimakhalabe zokhoma. Ndinayesa kuuza laputopu kuti izikhulupirira satifiketiyo, uthenga unangosintha n'kukhala NET::ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID. Lamulo limene ndinakopa linali la kalekale. Linkaika dzina la seva pamalo otchedwa Common Name, pamene Chrome inasiya kuyang'ana pamenepo mu 2017, pa Chrome 58. Masiku ano dzina liyenera kukhala pa mndandanda wa Subject Alternative Name. Malangizo ambiri amene ali pa intaneti analembedwa izi zisanasinthe, ndipo palibe amene amabwerera kukawakonza.

Apa m'pamene ndinakhala pansi kuti ndimvetse chinthucho, ndipo chimene chinanditsegula mutu ndi kalata ya amfumu. Ndili mnyamata ndinapitapo kumudzi kukatenga kalata yotsimikiza kuti ndine wa kumeneko. Kalatayo inalembedwa pa pepala la mukope, inki yake yofowoka, koma ku ofesi ya boma anailandira. Sanailandire chifukwa cha mawu ake. Anailandira chifukwa cha chidindo, ndipo chidindocho anachilandira chifukwa mwini wake ankamudziwa kale. Ndikanalemba ndekha kalata yonena kuti ine ndine ine, n'kusainira ndekha, ngakhale zonse zili zoona akanandibweza.

HTTPS imagwira ntchito ziwiri zimene ine ndinkaziona ngati imodzi. Yoyamba ndi kubisa uthenga kuti wa panjira asauwerenge. Yachiwiri ndi kutsimikiza kuti amene ukulankhula naye ndi yemweyo. Satifiketi yodzisainira wekha imabisa uthenga bwinobwino, palibe chimene imapereweza pamenepo. Chimene ilibe ndi chidindo cha munthu wodziwika. Kompyuta iliyonse ndi foni iliyonse imabwera ndi mndandanda wa mafumu amene imawadziwa, mabungwe otchedwa Certificate Authority, mwachidule CA. Satifiketi ikabwera, browser imayang'ana amene anaidinda, n'kutsatira mzerewo mpaka ifike pa dzina limene lili pa mndandanda wake. Ikapanda kufikapo, tsamba lofiira.

Mwina mukuti bwanji sindinangotenga ya Let's Encrypt, bungwe lodinda masatifiketi limene ma browser amalidziwa kale, poti ndi yaulere ndipo yakhalapo kuyambira 2015. Iwo amadinda pokhapokha utasonyeza kuti dzinalo ndi lako, ndipo localhost si ya munthu aliyense. Adiresi zoyamba ndi 192.168 nazonso zili m'nyumba ndi m'maofesi osawerengeka padziko lonse, palibe amene anganene kuti ndi yake yekha. Mnzanga wina wa ku Katoto anandiuza za ngrok, imene imakupatsa adiresi ya HTTPS ya pa intaneti yolozera ku laputopu yako. Imagwira, ndinaiyesa. Kungoti tsamba lililonse limachoka pa laputopu, kupita kunja kwa dziko, n'kubwerera pa foni imene ili patebulo lomwelo, ndipo bandulo imadyeka ulendo wopita ndi wobwera. Komanso m'database yanga munali kale mayina enieni a alimi, ndipo sindinafune kuika chinthu chosamalizidwa pamsewu.

Chimene chinandithandiza ndi kapulogalamu kotchedwa mkcert, kamene analemba Filippo Valsorda. Nzeru yake ndi yosavuta: ngati mafumu akunja sangakudindire, khala mfumu ya pakhomo pako. Kamapanga CA yakoyako, n'kuilembetsa pa mndandanda wa kompyuta yako, ndipo kuchokera apo satifiketi iliyonse imene CA imeneyo yadinda, kompyuta yako imailandira popanda funso. Kwa anthu ena onse padziko ilibe tanthauzo, ndipo m'mene ziyenera kukhalira.

Ine ndimagwiritsa ntchito Ubuntu, ndiye ndinalemba sudo apt install mkcert libnss3-tools. Chachiwiricho musachisiye. Pa Linux, Chrome ndi Firefox zimasunga mndandanda wawo padera, ndipo mkcert imafuna kachida kotchedwa certutil, kamene kali mu libnss3-tools, kuti ilembemo. Kenako mkcert -install, inandifunsa pasiwedi, basi CA yabadwa. Ndinatseka browser n'kuitsegulanso. Kenako ndinapanga satifiketi ya pulojekiti:

mkcert khofi.test localhost 127.0.0.1 192.168.43.57

Inatulutsa mafayilo awiri, khofi.test+3.pem ndi khofi.test+3-key.pem. Ka +3 kakutanthauza mayina ena atatu aja. Yoyamba ndi kalata, yachiwiri ndi kiyi wachinsinsi wa seva. Satifiketiyo imakhala zaka ziwiri ndi miyezi itatu, ndipo nambalayi sanangoitola. Makina a Apple amakana satifiketi yopitirira masiku 825.

Pa dzina la khofi.test ndiimepo pang'ono. Akuluakulu amene anandiphunzitsa PHP ankakonda kutcha mapulojekiti awo chakuti.dev, ndipo ena mpaka lero dzanja limawathamangira kumeneko. Koma .dev ndi ya Google, ndi dzina lenileni la pa intaneti, ndipo kuyambira Chrome 63, mu December 2017, browser imakakamiza HTTPS pa dzina lililonse lothera .dev, osakupatsa ngakhale mwayi wodumpha chenjezo. Dzina la .local nalo lili ndi ntchito yake, makina amaligwiritsa ntchito pofufuzana okha pa netiweki, ndipo limabweretsa kuchedwa kosadziwika bwino. La .test linapatulidwa mu 1999 kuti likhale loyesera, ndipo silidzagulitsidwa kwa wina aliyense. Ndinangowonjezera mzere wa 127.0.0.1 khofi.test mu /etc/hosts. Pa Windows fayilo yomweyo ili pa C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts, ndipo imafuna kutsegulidwa ngati administrator. Kumbukirani kuti foni siiwerenga fayilo ya pa laputopu. Pa foni khofi.test ndi dzina lachilendo, n'chifukwa chake ndinaika adiresi ya manambala mu satifiketi.

Pulogalamu yanga ndi ya Laravel, chida cholembera mapulogalamu a pa intaneti mu PHP, ndipo kaseva kake koyesera, php artisan serve, sikadziwa za HTTPS. Ndinaika Nginx, pulogalamu ina ya seva, kutsogolo kwake kuti izilandira alendo pa port 443, ndi mizere ya listen 443 ssl, ssl_certificate yolozera ku fayilo yoyamba, ssl_certificate_key yolozera ku yachiwiri, ndi proxy_pass http://127.0.0.1:8000. Nditatsegula https://khofi.test chenjezo kunalibe. Koma tsamba linatuluka lili mbulanda, malemba okhaokha, lopanda mtundu, mabatani osadinika. Laravel, pokhala kumbuyo kwa Nginx, inkaona ngati alendo akubwerabe pa HTTP, ndiye maulalo onse a CSS ndi JavaScript inkawalemba ndi http://. Browser siilola tsamba lotetezeka kukoka script yosatetezeka, ndiye inawatsekereza onse. Ndinawonjezera proxy_set_header Host $host ndi proxy_set_header X-Forwarded-Proto $scheme mu Nginx, ndinauza Laravel kuti izikhulupirira proxy ya pa 127.0.0.1, ndinasinthanso APP_URL mu .env. Tsamba linavala.

Vuto limeneli ndimalithokoza. Seva yeniyeni imene pulogalamuyo inali kudzakhalapo inalinso ndi Nginx kutsogolo, ndiye umbulanda womwewo ukanadzaonekera tsiku lotsegulira, alangizi ali kale kumapiri. Ndinapezanso cookie ina, kauthenga kamene tsamba limasunga mu browser, imene ndinaiika SameSite=None popanda Secure, chinthu chimene Chrome inayamba kukana mu 2020. Zinthu zotere sizioneka ukamayesera pa HTTP.

Tsopano foni. Lamulo la mkcert -CAROOT limakuuza foda imene CA ili, ndipo mmenemo muli mafayilo awiri, rootCA.pem ndi rootCA-key.pem. Ya pa foni ndi yoyamba yokha. Ndinaikopera kudzera pa chingwe. Mafoni ena saiona mpaka utaisintha dzina kuti ithere .crt. Kuyambira Android 11 sungangodina fayiloyo kuti ilowe, umayenera kupita wekha ku Settings, gawo la Security, kufufuza pamene alemba za encryption ndi credentials, n'kusankha kuika CA certificate. Kampani iliyonse imabisa malowa mwa njira yake, ndiye chachangu n'kulemba mawu oti certificate m'kabokosi kofufuzira ka mu Settings. Foni yanga inakana kupitirira mpaka nditaika PIN yotsekera, ndipo inandichenjeza kuti mwini wa satifiketiyo akhoza kuona zimene ndikuchita pa intaneti. Ndinadina kuvomera osaganizira. Chenjezo limenelo tidzabwereranso.

Pa iPhone pali masitepe awiri, ndipo ambiri amaimira pa loyamba. Ukaika fayiloyo ngati profile, umayenera kupitanso ku General, About, Certificate Trust Settings, n'kuyatsa kabatani kake. Ndipo amene mukulemba app yeniyeni ya Android osati tsamba, dziwani kuti kuyambira Android 7 ma app salandira CA yoikidwa ndi mwini foni pokhapokha mutalemba zimenezo mu network security config. Chrome imailandira, app yanu ayi.

Foni inakanabe kufika pa laputopu mpaka nditakumbukira firewall, mlonda wa zipata za laputopu, n'kulemba sudo ufw allow 443. Kenako ndinadina batani la malo, foni inafunsa ngati ndikulola, ndinalola, manambala a Chibavi anatuluka. Kamera inandionetsa nkhope yanga yosagona. Ndinalemba mlimi wongopeka, ndinazimitsa Wi-Fi, ndinatsegulanso tsamba, linabwera. Inali itadutsa 2 koloko usiku, agalu okha akuuwa.

M'mawa mwake zinakananso. Laputopu inali italandira adiresi ina pa hotspot, yothera 112 m'malo mwa 57, ndipo satifiketi inkanena za 57. Poyamba ndinada nkhawa kuti ndiyambiranso zonse za pa foni, koma ayi. Foni imakhulupirira chidindo, osati kalata imodzi. Ndinangopanga satifiketi ina yokhala ndi adiresi yatsopano, n'kuyambitsanso Nginx, foni inalandira osafunsa kanthu. Ndinalemba ka script ka mizere inayi kochita zimenezi m'mawa uliwonse. Amene muli ndi rauta, iuzeni kuti izipatsa laputopu yanu adiresi imodzimodzi, nkhani yatha.

Sabata yotsatira ndinabwerera ku ofesi kuja. Ndinaika rootCA.pem pa foni ya amayi aja ndi ya mlangizi mmodzi, amayiwo akudandaula kuti tsopano aziloweza PIN pa ukalamba wawo. Zonse zinayenda. Kunja kunali mitambo kuposa tsiku loyamba lija. Bambo achikulire aja anayang'ana pawindo, anayang'ana ine, osanena kanthu.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa.

Nthawi imeneyo ndinkathandizana ndi mnyamata wina wophunzira za makompyuta ku Mzuni, amene ndimangomutcha mphwanga. Iye ali pa Windows ndi XAMPP, pulogalamu yobwera ndi seva yotchedwa Apache, monga ambiri amene timayambira kuno. Anandiimbira kuti nayenso akufuna loko pa kompyuta yake. Ine ndili pa kabaza, ndikuthamangira ku Luwinga, ndinati dikira ndikutumizira. Nditafika ndinatenga foda yonse ya CAROOT, ndinaipanga zip, n'kuiponya pa gulu lathu la WhatsApp. Pagulupo tilipo asanu ndi awiri, ena anzathu a kale amene sitinaonane chaka chathunthu.

Mphwangayo anavutika ndi zina. Anasintha SSLCertificateFile ndi SSLCertificateKeyFile mu httpd-ssl.conf, imene ili mu foda ya apache\conf\extra, koma Apache inkangozima ikangoyamba, chifukwa pulogalamu ina inali itakhala kale pa port 443. Lamulo la netstat -ano linatisonyeza mwini wake. Tsiku lina magetsi atathima usiku wonse, anadzuka n'kupeza NET::ERR_CERT_DATE_INVALID pa chilichonse. Anapanga masatifiketi atsopano katatu asanayang'ane pakona pa sikirini. Kompyuta yake ndi yakale, kabatire kakang'ono konga ndalama yachitsulo kamene kamasunga nthawi kanali katafa, ndipo wotchi inabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Bandulo inali itatha, ndiye sinathe kudzikonza yokha. Kwa kompyutayo, satifiketi inali isanabadwe. Kuno kumene magetsi amapita osatsanzika, mukaona uthenga wa deti yambani mwayang'ana wotchi.

Patapita masiku anayi, ndikumuthandiza zimenezi, ndinatsegula zip ija pa kompyuta yake n'kuona mafayilo awiri atakhala moyandikana. rootCA.pem. rootCA-key.pem. M'mimba munazizira.

Fayilo yachiwiriyo ndiye chidindo chenichenicho. Yoyamba imangouza makina kuti chidindo cha mfumuyi chimaoneka chonchi. Yachiwiri ndi imene imadinda. Ndipo CA ya mkcert ilibe malire a mayina. Amene ali ndi kiyi ameneyo akhoza kupanga satifiketi ya dzina lililonse, la banki, la Gmail, la Facebook, ndipo makina onse amene ndinawauza kuti azikhulupirira CA yanga angailandire popanda chenjezo. Laputopu yanga. Foni yanga. Foni ya mlangizi. Foni ya amayi amene amasainira ndalama za alimi. N'zoona kuti wakubayo amafunikanso kukhala pakati pa foni ndi intaneti, mwina pa Wi-Fi imodzi kapena pa hotspot yonamizira, ndipo n'zoonanso kuti anzanga asanu ndi mmodziwo si akuba. Koma foni imabedwa mu minibasi, imagulitsidwa, imasiyidwa kwa wokonza, ndipo mafayilo a pa WhatsApp amatsalira m'malo ambiri. CA ya mkcert imakhala zaka 10. Chenjezo lija la pa foni, limene ndinalidina ngati ndikuthamangitsa ntchentche, linkanena za zimenezi. Wolemba mkcert nayenso analemba poyera m'malangizo ake kuti fayilo imeneyi isaperekedwe kwa wina. Ine sindinawerenge mpaka pamenepo.

Kufufuta uthenga pa gulu sikukanathandiza, unali utatsitsidwa kale. Njira inali imodzi, kupha chidindo chakalecho. Pa laputopu ndinalemba mkcert -uninstall, ndinafufuta foda ya CAROOT yonse, n'kulembanso mkcert -install kuti ipange CA yatsopano, kenako masatifiketi atsopano. Muyenera kuyamba ndi -uninstall musanafufute foda, apo ayi CA yakale imatsalira pa mndandanda ndipo mudzaisaka pamanja. Pa foni ndinapita ku Trusted credentials, mbali ya User, n'kuichotsa. Mphwanga ndinamuthandiza kuchotsa yanga pa kompyuta yake, ndipo anaika mkcert yake kudzera pa Chocolatey, kachida koikira mapulogalamu pa Windows, n'kupanga CA yakeyake. Ndi mmene tinayenera kuchitira poyamba. Aliyense akhale ndi chidindo chake chosatuluka pa kompyuta yake, chimene timagawana ndi mayina oika mu satifiketi basi. Ndinawonjezeranso mzere wa *.pem mu .gitignore, mndandanda wa mafayilo osayenera kutumizidwa, nditapeza kuti kiyi wa seva anatsala pang'ono kukwera nawo pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako mapulogalamu.

Pofufuza zimenezi ndinapeza chinthu chimene chikanandipulumutsa tsiku loyamba lija. Foni ikalumikizidwa ndi chingwe, USB debugging ili yoyatsa, lamulo la adb reverse tcp:8000 tcp:8000 limachititsa kuti localhost:8000 ya pa foni izifika ku laputopu. Ukatsegula http://localhost:8000 pa foni, browser imaona localhost, malo ndi kamera ndi service worker zonse zimatseguka, popanda satifiketi, popanda Wi-Fi, popanda bandulo. Masiku ambiri ndi imene ndimagwiritsa ntchito. Koma siiyesa HTTPS yeniyeni, ndiye umbulanda uja wa CSS ndi nkhani za proxy sungazione. Pa zimenezo ndimabwerera ku mkcert, pa makina anga okha. Kasitomala akafuna kuona, ndimaika pulogalamu pa kaseva koyesera kokhala ndi dzina lenileni ndi satifiketi ya Let's Encrypt, ndi alimi ongopeka m'database. Foni ya kasitomala sindiikanso CA yanga, ngakhale atandipempha.

Chinatsala ndi ulendo umene ndinkauzengereza. Lolemba m'mawa ndinakwera kabaza kupita ku ofesi kuja popanda chatsopano choonetsa.

"Amayi, ndabwera kudzapempha foni yanu mphindi ziwiri. Pali chimene ndinaikamo chimene sichiyenera kukhalamo."

"Mwaikamo matenda, achimwene?"

Ndinawafotokozera za kalata ya amfumu, ndi kuti chidindo ndinachisiya pabwalo. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi lokha, ngati ndalama za pa akaunti ya kagulu zili bwino. Ndinati palibe chosonyeza kuti wina anachigwiritsa ntchito, koma asinthebe mapasiwedi a banki ndi a imelo kuti tonse tigone tulo. Anandipatsa foni, ndinachotsa, ndinawasonyeza kuti mbali ya User tsopano ilibe kanthu. PIN anati aisiya, aizolowera, ndipo adzukulu awo asiya kuwathera bandulo. Mlangizi uja anali atapita ku Rumphi, ndinamudikira mpaka Lachitatu.

Ndikutuluka, bambo achikulire aja anali pakhonde ndi kapu ya tiyi. Ndinaima n'kuwapatsa moni, kenako ndinati, "Bambo, za tsiku lija. Sinali mitambo. Ndinali ine."

Anaphwetera tiyi wawo kaye. "Ndinkadziwa, mwana wanga. Kwathu ku Misuku mitambo imagona pakhomo, koma foni yangayi sinasocherepo. Kungoti unali utatuwa kwambiri." Anandisuntira mpando ndi phazi, n'kuitana mtsikana wa pa ofesi kuti abweretse kapu ina.